Bwemba wa pa Khombedza

Pa Khombedza, kuseri kwa chigayo,
panali mtengo wa bwemba wopanda mwini.
M'mawa mthunzi wake unkatsamira mpanda wa tchalitchi,
madzulo n'kuwolokera kuchitsime cha mzikiti,
ndipo palibe anaufunsa kuti umapemphera kuti.

Akatekisiti a Chimbalanga ankauloza ndi choko:
"Tchimo limayamba ndi dzanja lotambasukira m'mwamba."
Amwalimu a Twaibu, akukonza mzuli pamutu,
ankati: "Ana inu, ganizani za mizu.
Chosaoneka ndicho chimasenza chooneka."
Ife tinkavomera konsekonse,
maso ali pa zipatso.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Mai Nasiketi anali atayanika bwemba pamkeka,
wamalonda, wokagulitsa kumsewu
kuti apeze ya mankhwala a mwana wawo.
Ndinadzaza matumba onse awiri a kabudula,
wina m'malaya,
n'kukadyera kudambo mpaka mano kuyayamira.

Atafunsa, sindinaname.
Ndakhala ndikudziuza zimenezi zaka makumi atatu:
sindinaname.
Ndinangoyang'ana komwe kunakhala Ajibu,
kuyang'ana chabe, pang'ono,
ngati mmene umayang'anira nkhuku ikudutsa.

Mkwapulo anauthyola mumtengo womwewo.
Nthambi ya bwemba sikhadzuka msanga,
imapindika n'kubwereranso.
Ndinawerenga zikoti zisanu ndi ziwiri.
Ajibu sanakuwe.
Anandipenya kamodzi kokha,
ine ndili chilili, njere ndaibisa pansi pa lilime.

Tsiku limenelo ndinadziwa.
Sikunali kudziwa kwa pabolodi
kapena koloweza pamtima n'kulakatula pamaso pa makolo.
Kunali kwa m'nkhama,
kowawasa,
kosalavulika.

Nditakula ndinapita kukoleji.
Usiku, magetsi atazima, tinkakangana m'chipinda chogona:
kodi chabwino munthu amabadwa nacho,
kapena amachita kumuwokera ngati mbande?
Nanga choipa chimene sanachione wina aliyense
chimalemera makilogalamu angati?
Ndinkapambana mikanganoyo.
Anzanga ankandiwombera m'manja,
osadziwa kuti ndikuyankhula ndi njere m'kamwa.

Chaka chatha anaugwetsa mtengo uja,
akuti nkhuni zowotchera njerwa zikusowa.
Atchalitchi anatuta mbali yawo,
amzikiti mbali yawo, popanda mkangano.
Njerwa zinapsa bwino, zofiira psuu.
Tsopano makoma onse awiri ndi aatali,
koma masana anthu amabisala kukhonde kwa chigayo.
Patsala chitsa chimene mbuzi zimalimbirana,
ndi mphukira zitatu zimene zakana kumva.

Ajibu ndinamupeza padepoti ya Salima,
akupalasa kabaza.
Anandizindikira msanga, n'kuseka,
n'kupukuta mpando ndi chikhatho.
Ulendo wonse maso anga anali pamsana pake,
pamalaya onyowa thukuta,
ndikufunafuna mizere isanu ndi iwiri.
Titawoloka njanji ndinatsegula pakamwa.
Mawu anali okonzeka kalekale, osendedwa, otsukidwa.
Amene anatuluka ndi akuti:
"Koma chaka chino kwatentha."

"Kwatentha, achimwene," anatero osacheuka.
"Mitengo inatha."

Potsika ndinamupanikiza ndalama m'manja,
yoposa mtengo wa ulendo katatu,
n'kuyamba kuyenda mofulumira
ngati munthu amene wasiya mwana pakhomo la eni.
Ndinamva belu kumbuyo.
"Mwaiwala chenje chanu."
Anawerengera m'dzanja langa, imodziimodzi,
osasiyapo ngakhale ya madzi akumwa,
kenako anatembenuza njinga.

A Chimbalanga anagona kale, a Twaibu nawonso,
manda awo atalikirana ndi munda umodzi wa thonje.
Ndikanawapeza ndikanawauza kuti onse ananena zoona,
koma anasiyapo chimodzi:
mtengo suphunzitsa ndi chipatso chokha, kapena mizu.
Uli ndi nthambi,
ndipo nthawi zina imatera pamsana pa wina
kuti iwe udziwe.

Njere ija ndikadali nayo.
Mvula ikubwera.
Sindikudziwa ngati nthaka ingailandire.